Sitima Yaikulu Kapena Yaing'ono: Kusankha Chombo cha Tchuthi cha Banja

Mu Januwale 2024, sitima yapamadzi yotchedwa Icon of the Seas inanyamuka padoko la Miami ku America itanyamula alendo kwa nthawi yoyamba. Ndi yaitali mamita 365, ili ndi nsanjika 20, ndipo ikadzaza imatenga alendo 7,600, osawerengera antchito ake 2,350. Amene munakwerapo Ilala pa Nyanja ya Malawi mukhoza kuyerekeza chonchi: Ilala ndi yaitali mamita 52, ndiye pangafunike kundandalika zoterozo zisanu ndi ziwiri kuti mufike pamene Icon of the Seas yathera. Titanic, imene dziko lonse linkaigomera isanamire mu 1912, inali ya mamita 269 okha.

Kutali ndi Miami, ku zilumba za Galápagos m'dziko la Ecuador, lamulo sililola sitima yonyamula alendo oposa 100 kuzungulira zilumbazo, ndipo zombo zambiri za kumeneko zimatenga anthu 16 basi. Sitima yaikulu ndi yaing'ono zonse zimagulitsa tchuthi cha panyanja, koma amene wakwera imodzi sanaone zimene mnzake waona pa inayo. Pa sitima yaikulu, kumene mukupita ndi m'sitimamo, madoko amangokhala zowonjezera. Pa yaing'ono, sitima ndi yokufikitsani ndi kukupatsani pogona, chimene mwalipirira chili kunja. Banja likapanda kumvetsa kusiyana kumeneku limaononga ndalama zimene lasunga kwa zaka. Ndipo popeza sitima ikangochoka padoko palibe amene anganene kuti ine ndatopa nazo, nditsitseni, ine ndimati chombo chisankhidwe poyang'ana anthu awiri: mwana wamng'ono kwambiri m'banjamo ndi munthu wamkulu kwambiri. Apakatiwa amazolowera paliponse.

Makampani akamatchula kukula kwa sitima amanena matani, monga 248,663 a Icon of the Seas. Matani amenewa si kulemera kwa sitimayo ayi, amayeza malo onse otsekedwa amene ali m'kati mwake. Mukagawa matani ndi chiwerengero cha alendo mumapeza nambala yokuuzani ngati mudzakhale opanikizana kapena otakasuka. Icon of the Seas ikanyamula anthu awiriawiri m'chipinda chilichonse amakhala 5,610, ndipo nambalayo imafika 44. Ikadzaza mpaka 7,600 imatsika kufika 33. Sitima zambiri za kampani ya Viking za panyanja yamchere, zimene zimatenga alendo 930, zimafika pa 51. Chofunika kwa kholo ndi chakuti sitima yaikulu imadzaza chonchi nthawi imene sukulu zatsekera, chifukwa mabedi achitatu ndi achinayi m'zipinda amagonedwa ndi ana. Nthawi yokhayo imene banja lanu lingayende ndiyo nthawi imene sitimayo imakhala yothinana kwambiri. Palibe lamulo loika malire, koma kawirikawiri sitima yosafika alendo 1,000 imatengedwa kuti ndi yaing'ono, ndipo yopitirira 3,000 ndi yaikulu.

Chimene sitima yaikulu imachitira kholo

Kuyambira pamene kampani ya Royal Caribbean inatulutsa Oasis of the Seas mu 2009, sitima yokhala ndi munda wa mitengo yeniyeni pakati pake, makampani akuluakulu akhala akupikisana kuunjika zosangalatsa m'chombo chimodzi. Icon of the Seas ili ndi malo asanu ndi limodzi otsetserekapo m'madzi, bwalo la madzi oundana, khoma lokwera ndi zingwe, ndi dera lonse lotchedwa Surfside limene analimangira mabanja a ana aang'ono. Zithunzi za otsatsa malonda zimaonetsa zimenezi. Koma chinthu chimene chimasinthadi tchuthi cha mayi ndi bambo sichioneka bwino pachithunzi: ndi chipinda cha ana.

Tsiku lokwera, mwana amamangidwa kachingwe pamkono kolembedwa malo amene banja lake liyenera kusonkhana pakachitika ngozi. Kholo limamulembetsa, n'kutchula mayina a anthu amene ali ndi ufulu womutenga. Kuyambira mawa lake, mukamaliza chakudya cha m'mawa mumamuperekeza pakhomo, wantchito amaona kachingweko, amalemba nthawi, mwana n'kulowa kukapeza anzake a msinkhu wake akujambula, akuvina, akusaka zinthu zobisidwa. Magulu amagawidwa potengera zaka, kotero wa zaka zinayi sakankhidwa ndi wa zaka khumi. Masana salipiritsa, amalipiritsa usiku kwambiri. Mayi amene wakhala zaka zisanu osadya chakudya chikadali chotentha amakhala pansi maola atatu athunthu popanda womukoka chitenje. Ine ndimaona kuti chimenechi chokha n'chifukwa chokwanira chosankhira sitima yaikulu ngati muli ndi ana a zaka zapakati pa 3 ndi 10, ndipo palibe mudzi wokongola wa m'mbali mwa nyanja umene ungalowe m'malo mwake.

Pali zoti mudziwiretu. Makampani ambiri amalandira ana m'zipinda zaulerezi akakwanitsa zaka zitatu ndiponso akasiya matewera. Wocheperapo amapita ku chipinda cha makanda, ngati sitimayo ili nacho, ndipo kumeneko mumalipira pa ola. Mwana wovala thewera saloledwa kulowa m'dziwe losambiramo ngakhale thewera lake litakhala losambira nalo, pokhapokha sitimayo ikhale ndi kamalo kakekake kothira madzi makanda. Sitima zatsopano zikuluzikulu zimakhala nako, zakale zambiri zilibe. Ngati mwana wanu ali ndi zaka ziwiri, funsani funso limeneli musanalipire, chifukwa kumuletsa madzi amene akuwaona ndi maso kwa sabata yathunthu si ntchito yamasewera.

Achinyamata nawo amapeza zawo. Pa sitima ya anthu zikwi zisanu, wa zaka 15 salephera kupeza anzake, ndipo pofika tsiku lachiwiri mumangomuona nthawi ya chakudya. Mwana wosankha zakudya savutanso, popeza malo odyera odzitengera wekha amakhala ndi mpunga, nkhuku, tchipisi, buledi ndi zipatso pafupifupi tsiku lonse.

Mtengo wa zonsezi ndi mizere ndi mtunda. Chikepe chimafika chodzaza, chachiwiri chimodzimodzi, ndipo amene akukankha mwana pa kangolo kake kapena agogo pa njinga ya anthu aulumali sangathamangire masitepe ngati enawo. Mipando ya m'mbali mwa dziwe imakhala itagwiridwa ndi matawulo dzuwa lisanakwere. Zionetsero zotchuka zimafuna kusungitsa malo pa foni masiku angapo ulendo usanayambe. Ndiye pali kuyenda. Chipinda chanu chikakhala kutsogolo, malo odyera ali kumbuyo, ulendo wokadya ndi kubwerako umaposa theka la kilomita. Kwa mwana zimenezi ndi masewera, koma kwa agogo a mawondo opweteka, katatu patsiku, ndi chilango, ndipo ambiri amangoyamba kukana kutuluka m'chipinda. Ngati mukutenga munthu wachikulire pa sitima yotere, chipinda chake chikhale pafupi ndi chikepe, ngakhale chitakwererako mtengo.

Tikiti ndi zimene sizili pa tikiti

Sitima yaikulu imagulitsa tikiti motsika chifukwa ndalama zoyendetsera zimagawidwa pa anthu ambiri, komanso chifukwa kampani imadziwa kuti idzapeza zina mukakwera. Apa mpamene pali chikomekome cha mkuyu. Makampani a ku America amaonjezera pa bilu ndalama yothokozera antchito, kawirikawiri madola apakati pa 15 ndi 20 pa munthu patsiku, ndipo ana amawerengedwa nawo. Banja la anthu asanu pa ulendo wa masiku asanu ndi awiri lalipira kale madola oposa 500 lisanagule ngakhale botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Zakumwa zambiri, intaneti, malo odyera apadera, zithunzi zimene ojambula a m'sitima amakutolani, ndi maulendo okaona malo mukafika padoko, zonsezi n'zolipira padera.

M'sitima simugwiritsa ntchito ndalama zapamanja. Aliyense amapatsidwa kakhadi kamene kamatsegula chitseko cha chipinda, ndipo komweko ndi kogulira zinthu. Mwana amene wazindikira kuti akangogunditsa kakhadi pa makina a masewera magetsi amayaka, saona kuti pali ndalama imene ikutuluka. Tsiku loyamba lomwelo pitani ku ofesi yothandiza alendo mukatseketse khadi la mwana kapena mukaike malire.

Sitima zazing'ono zimachita mosiyana. Tikiti yake imaopsa poyamba, koma nthawi zambiri imakhala itaphatikiza maulendo a kumtunda, otsogolera alendo, ndipo zina zimaphatikizanso zakumwa ndi ndalama yothokozera. Ngakhale mutawerengera zonse, yaing'ono imakhalabe yodula, makamaka kwa banja, chifukwa makampani akuluakulu amatsitsa kwambiri mtengo wa munthu wachitatu ndi wachinayi m'chipinda pamene ang'onoang'ono ambiri sachita zimenezo. Koma kusiyanako sikukhala kwakukulu ngati mmene kumaonekera pa matikiti awiriwo.

Zipinda nazo zili ndi nkhani yake. Chipinda wamba chimagona anthu osapitirira anayi: bedi la makolo, sofa yotambasula, ndi bedi lotsika kuchokera kudenga limene wantchito amalitsitsa madzulo n'kulibweza m'mawa. Mabedi onse akatsitsidwa, njira yopita kubafa imakhala yodutsa cham'mbali. Banja la ana atatu kapena anayi, lomwe kwathu kuno si lachilendo, liyenera kutenga zipinda ziwiri zokhala ndi chitseko pakati, kapena chipinda chapadera cha mabanja. Sitima zazikulu zili nazo koma zimatha msanga. Zazing'ono zambiri, makamaka zoyenda pa mitsinje ya ku Ulaya monga Rhine ndi Danube, zili ndi zipinda za anthu awiri okha.

Kumene yaikulu singalowe

Kuyambira pa 1 Ogasiti 2021, boma la Italy linaletsa sitima zoposa matani 25,000 kudutsa mu ngalande ya Giudecca, pakati penipeni pa mzinda wa Venice. Anthu a mumzindawo anakhala akudandaula kwa zaka kuti mafunde a zombozi akukokolola maziko a nyumba zawo. Lero sitima yaikulu imene yalemba Venice pa ndondomeko yake imakocheza ku Marghera, doko la mafakitale, kapena kutali monga ku Ravenna ndi ku Trieste, ndipo alendo amamaliza ulendowo pa basi kapena pa sitima yapamtunda. Ku Greece kuli ngalande ya Corinth, yaitali makilomita oposa 6 koma yopapatiza, pafupifupi mamita 24 pamwamba pa madzi. Mu Okutobala 2019 sitima ya Braemar, ya mamita 22.5 m'lifupi, inadutsamo makoma a thanthwe ali pafupi mbali zonse ziwiri, ndipo inali yaikulu kuposa zonse zimene zinadutsamo. Ku Antarctica, malamulo amene makampani a bungwe la IAATO amatsata amati sitima yonyamula anthu oposa 500 isatsitse aliyense kumtunda, ndipo ngakhale yaing'ono isatsitse anthu oposa 100 nthawi imodzi. Wokwera yaikulu amaona madzi oundana ali pakhonde la sitima, osapondapo.

Palinso malo amene yaikulu imafika koma n'kuwasintha. Mzinda wa Juneau ku Alaska uli ndi anthu pafupifupi 32,000, ndipo unachita kugwirizana ndi makampani kuti kuyambira 2024 sitima zazikulu zisapitirire zisanu patsiku. Tangoganizani misewu ya tauni yaing'ono chonchi anthu a m'sitima zisanu atatsika nthawi imodzi. Makampani anaona vutoli n'kulithetsa m'njira yawoyawo, kukhala ndi zilumba zawozawo. Ku Bahamas, Disney ili ndi Castaway Cay, Royal Caribbean ili ndi CocoCay, MSC ili ndi Ocean Cay. Kwa ana aang'ono malo amenewa ndi abwino zedi, mchenga woyera, madzi osazama, chakudya chili pomwepo. Koma musamauze mwana kuti waona dziko la Bahamas. Waona gombe la kampani.

Nkhani ya madoko imatifikitsa kufupi ndi kwathu. Kwa mabanja ambiri a kuno, ndi amene akukhala ku South Africa, tchuthi cha panyanja chofikirika ndi cha kampani ya MSC, imene imanyamuka ku Durban m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Maulendo ake aafupi amakhala a masiku atatu kapena anayi, kupita ku gombe la Mozambique, ku Portuguese Island kufupi ndi Maputo kapena ku Pomene. Malo amenewa alibe doko loti sitima yotere n'kugunda. Imaponya nangula patali, anthu n'kumatengedwa pa maboti a mphira.

M'mawa wa tsikulo mumatenga nambala ya gulu lanu n'kudikira kuitanidwa. Mukaitanidwa mumatsika masitepe mpaka pakhomo la m'mbali mwa sitima, pafupi ndi madzi, mumavala jekete yoyandamitsa, ndipo mwana amavekedwa yaing'ono. Boti limakwera ndi kutsika ndi mafunde pamene sitima ili chiimire, choncho amalinyero awiri amakugwirani mikono n'kukuuzani nthawi yoponda. Mwana wamng'ono mumachita kumupereka m'manja mwawo. Kumtunda kulibe pokocheza pouma, mumatsikira m'madzi osazama nsapato zili m'manja. Kwa ana a zaka zisanu ndi ziwiri, apa ndiye pachimake pa ulendo wonse. Agogo ena amangoyang'ana boti likudumpha n'kunena kuti pitani, mundipeza. Anthu zikwi ziwiri kapena zitatu akamatsika m'njira imeneyi, amene ali m'magulu omaliza amafika kugombe dzuwa litakwera kale. Ndipo mafunde akakula, kaputeni amalengeza kuti lero palibe wotsika, sitima n'kumangoyandama tsiku lonse.

Tsiku lotero limaonetsa mphamvu ya mbali zonse ziwiri. Sitima yaing'ono ikanatsitsa anthu ake onse m'kanthawi kochepa, ndipo nthawi zina kaputeni wake amatha kuzungulira kukafuna gombe lina lobisika ku mphepo. Koma zikakanikiratu, yaikulu ndiyo imapulumutsa tsiku, chifukwa ana amathamangira kudziwe n'kuiwala za chilumba. Pa yaing'ono mumakhala ndi laibulale, makhadi osewera ndi zenera.

Ana amene sitima yaing'ono imawayenera

Poyamba dziwani kuti zina sizilola ana n'komwe. Viking ndi Virgin Voyages zimalandira okhawo amene akwanitsa zaka 18. Zina zimalola ana koma zilibe chipinda chawo, zilibe owasamalira, ndipo chakudya chamadzulo chimatenga maola awiri pakati pa anthu opuma pantchito amene analipira ndalama zambiri kuti apeze bata. Mwana wa zaka zitatu akayamba kulira m'chipinda chodyera choterocho, maso onse amatembenukira kwa inu, ndipo mawa mudzakumananso ndi anthu omwewo chifukwa kulibe kothawira.

Koma pali mwana wina amene sitima yaikulu imamubera kanthu. Ndi uja wa zaka khumi kupita m'tsogolo amene amafunsa mafunso osatha, amene amatha kukhala chete akuyang'anitsitsa mbalame. Mwana wotereyu mukamutengera ku Galápagos, tsiku lake limayamba m'bandakucha pa boti laling'ono limodzi ndi katswiri wa zachilengedwe, amayenda pakati pa akamba akuluakulu ndi abuluzi osambira m'nyanja, nyama zosathawa munthu, pa zilumba zimene Charles Darwin anafikapo mu 1835. Madzulo amakhala tebulo limodzi ndi katswiri uja n'kumufunsa zimene anaona. Pofika tsiku lachitatu wophika akudziwa dzina lake ndi zimene sadya. Sangasochere, chifukwa sitima yonse amaimaliza m'mphindi zochepa. Ndimakhulupirira kuti mwana wotere akafika zaka 40 adzakhala akukumbukirabe sabata imeneyo, pamene malo otsetserekapo m'madzi adzakhala atasakanikirana m'mutu mwake ndi ena onse amene anasewerapo.

Si zazing'ono zonse zili za anthu olemera kwambiri. Ku Norway, sitima za Hurtigruten zakhala zikuyenda m'mbali mwa gombe kuyambira 1893, ndipo lero njira yake imachokera ku Bergen mpaka ku Kirkenes, kuima pa madoko 34. Zimanyamula alendo pamodzi ndi katundu ndi anthu a m'midzi ya kugombeko, ndipo pa madoko ena zimangoima mphindi zochepa. Mulibe zionetsero zikuluzikulu. Chosangalatsa ndi mapiri, zigwa zodzaza nyanja, ndi kuona mabokosi akutsitsidwa pakati pa usiku dzuwa likadali kuwala m'nyengo yotentha. Wachinyamata wokonda kujambula angakhute nazo. Wa zaka zisanu angatope tsiku lachiwiri.

Kwa agogo, yaing'ono imachepetsa mtunda ndi phokoso, ndipo antchito amazindikira msanga akapanda kuoneka pa chakudya. Koma funsani ngati chikepe chimafika nsanjika zonse, popeza zina zilibe n'komwe, ndipo maulendo okaona zachilengedwe amafuna miyendo yolimba yokwera ndi kutsika m'boti kawiri patsiku.

Mafunde, matenda ndi chitetezo

Sitima yaikulu sigwedezeka kwambiri. Kulemera kwake kumathandiza, komanso ili ndi zipsepse zachitsulo pansi pa madzi zimene zimatuluka m'mbali kuti ichepetse kupendama. Yaing'ono imamva funde lililonse. Amene akupita ku Antarctica kuchokera ku Ushuaia ku Argentina amaoloka Drake Passage, masiku awiri kupita ndi awiri kubwera, pa nyanja imene imadziwika ndi ukali wake. Mwana amene amasanza m'basi ya ku Mzuzu musamuyambitsire kumeneko. Ngakhale pa yaikulu nseru imabwera, ndipo nyanja ya kunja kwa Durban imatha kuvuta. Chipinda chosagwedezeka kwambiri ndi cha pakati pa sitima, nsanjika za m'munsi. Cha kutsogolo, pamwamba, ndicho chimavina kuposa zonse.

Makampani ambiri salola khanda losakwana miyezi 6, ndipo pa maulendo ooloka nyanja yaikulu amafuna miyezi 12. Mayi woyembekezera saloledwa ngati adzakhale atalowa sabata ya 24 ulendo usanathe. Chifukwa chake ndi chimodzi: chipatala cha m'sitima si chipatala chachikulu. Yaikulu imakhala ndi madokotala ndi anamwino angapo ndi zipangizo zochulukirapo, yaing'ono mwina dokotala mmodzi, ndipo imayenda kutali ndi thandizo. Konseko chithandizo n'cholipira, ndipo n'chodula, choncho inshuwalansi ya paulendo yolipira ngakhale kunyamulidwa pa ndege si chinthu chodumpha.

Kumene kwadzaza anthu matenda opatsirana amayenda msanga. Kachilombo ka norovirus, koyambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndiko kamavutitsa kawirikawiri, n'chifukwa chake pakhomo la malo odyera pamaima wantchito wokumbutsa aliyense kusamba m'manja. Mu Febuluwale 2020 sitima ya Diamond Princess inatsekeredwa padoko la Yokohama ku Japan muli anthu 3,711, ndipo oposa 700 anapezeka ndi COVID-19. Yaing'ono siteteza ku zimenezi, kungoti anthu okhudza chitsulo chogwirira pamasitepe chimene mwana wanu akhudze amakhala ochepa.

Pa za ngozi, kukula si chitetezo. Pa 13 Januwale 2012 sitima ya Costa Concordia, itanyamula anthu oposa 4,000, inagunda thanthwe kufupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, ndipo anthu 32 anamwalira. Amene anakwera madzulo a tsiku lomwelo anali asanaphunzitsidwe kothawira. Kuchokera pamenepo malamulo anakhwimitsidwa, ndipo lero phunzirolo limachitika sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Pitani nawo ana, muwaonetse malo anu osonkhanira, muwauze kuti belu likalira ali kwina asakufunefuneni, amvere antchito. Ndipo ngati mwatenga chipinda chokhala ndi khonde, chotsani mipando pafupi ndi mpanda wake, chitseko chizikhala chokhoma pamene simuli pomwepo.

Zapakati, zimene otsatsa satchula kawirikawiri

Pakati pa zimphona ndi tizombo tating'ono pali sitima za alendo 1,500 mpaka 3,000, zambiri zomangidwa zaka 20 kapena kuposerapo zapitazo. Disney Magic, imene inayamba kuyenda mu 1998, imatenga anthu pafupifupi 2,700. Zambiri za msinkhu umenewu zinamangidwa kuti zikwane m'zipata zakale za ngalande ya Panama, zotambalala mamita 33.5, ndipo chifukwa cha zimenezo zimalowa m'madoko ambiri amene zimphona zimalephera. Zili ndi chipinda cha ana, dziwe limodzi kapena awiri, dokotala ndi chikepe, koma munthu amaidziwa sitima yonse tsiku loyamba. Popeza si zatsopano, mtengo wake nthawi zambiri umakhala wotsika, kupatula za Disney zimene dzina lokha limakweza mtengo. Pamene banja likuyenda mibadwo itatu, khanda, achinyamata ndi agogo pamodzi, kuno n'kumene ine ndingayambire kufunafuna. Palibe amene amapeza zonse zimene amafuna, koma palibenso amene amatsala m'chipinda.

Chomaliza kuwerengera ndi njira yokafikira padoko. Sitima zazing'ono zotchuka zimanyamukira kutali, ku Ushuaia, ku Bergen, ku Galápagos, ndipo kuchokera ku Lilongwe kapena ku Lusaka pamafunika ndege zingapo zolumikiza ana ali m'manja. Zimphona zambiri zimanyamukira ku Florida, kumene wa pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia amafunika viza ya America, aliyense yakeyake, khanda lomwe. Za ku Mediterranean zimafuna viza ya Schengen, ndipo ngati ulendowo ukutuluka m'mayiko a Schengen n'kubwereramo, vizayo iyenera kukhala yololeza kulowa kangapo. Dziko lililonse limene sitima iimepo liyenera kufufuzidwa palokha, ngakhale mulibe maganizo otsika, chifukwa kampani imakana kukweza munthu wopanda zikalata zokwanira ndipo ndalama sibweza. Mwana akamayenda ndi kholo limodzi kapena ndi agogo, tengani kalata ya kubadwa ndi kalata ya chilolezo ya kholo lotsalalo. Ulendo wa ku Durban ndi ku gombe la Mozambique ndi wopepuka pa mbali imeneyi, popeza a pasipoti ya Malawi ndi ya Zambia safuna viza pokacheza masiku ochepa m'mayiko awiriwo. Ngakhale zili choncho, fikani ku Durban tsiku limodzi sitima isananyamuke, chifukwa ndege kapena basi ikachedwa, sitima sidikira.